Atagwira mphwanga ku Joni: njira imene tinayenda osapereka chiphuphu

Ndine telala, ndimasoka mu Johannesburg mbali ya ku Fordsburg, ndipo ndakhalitsa kuno moti ana ena amene ndinkawasokera yunifolomu ya sukulu lero akubweretsa ana awo. Chandilembetsa nkhaniyi ndi chizolowezi chimene tonse akumudzi timachidziwa: kandalama kaja timapinda n'kubisa kuseri kwa foni kapena m'sokosi, koti tikakumana ndi veni ya apolisi tiwagulire "cold drink". Wopanda mapepala amapereka chifukwa cha mantha, wokhala nawo amapereka kuti asachedwe ku ntchito, ndipo tonse tafika poziona ngati msonkho wokhalira m'dziko la eni. Banja lathu linayenda njira ina mphwanga atagwidwa. Inali yowawa kuposa kupereka ndalama, koma ndikufuna muidziwe musanaifune.

Mnyamatayo ndi mwana wa mlongo wanga wa ku Ntcheu. Atalemba mayeso a Fomu 4 anakwera basi kudzandiona, kudutsa pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, pasipoti yodindidwa bwinobwino, ndipo masiku 30 amene Amalawi timapatsidwa pachipata anali asanathe. Lachisanu lina masana ndinamutuma m'tauni kukagula mazipi, ulusi ndi mabatani. Dzuwa litapendeka foni inalira.

"Amalume, andigwira apolisi. Akuti chidindo changa n'chabodza. Akuti mutumize ndalama pa foni pompano, apo ayi andipititsa ku Lindela."

Lindela ndi malo osungirako alendo amene akudikira kubwezedwa kwawo. Mawu a mnyamatayo ankatuluka moduladula ngati munthu amene akuvutika kupuma. Kumbuyo ndinkamva injini ikulira komanso anthu ena akuchonderera m'Chishona. Amene zinawachitikirapo akudziwa kuti veni yotereyi sithamangira kupolisi. Imangozungulira m'misewu, ogwidwa akuimbira abale, ndipo amene ndalama yake yalowa amatsitsidwa pakona.

Mulungu si Jemusi, m'shopu munali mayi wina wa kumpingo kwathu amene anabwera kudzayesa diresi. Mayiwa amaitanidwa kukamasulira Chichewa m'makhoti, ndiye za milandu amazidziwa. Anandigwira dzanja foni ili kukhutu.

"A telala, musatumize kanthu. Muuzeni mwanayo awauze kuti amalume akubwera kupolisi ndi mapepala, anene polisi yake ndi iti. Akatsika ayang'ane nambala ya galimotoyo ndi mayina ali pachifuwa."

Anandifotokozera mwachangu chifukwa chake. Munthu amene wagwidwa n'kumasulidwa m'veni salembedwa paliponse. Ngati amumenya, palibe buku limene lingasonyeze kuti anali m'manja mwa apolisi. Komanso lamulo la kuno lothana ndi katangale, la chaka cha 2004, limati wopereka chiphuphu ndi wolakwa chimodzimodzi ndi wolandira, kotero ukatumiza ndalamayo wadzitseka pakamwa wekha, ndipo umboni wake uli pa foni yako yomwe. Chofunika, anatero, n'chakuti dzina la mwanayo lilowe m'buku.

Sindikubisirani mtengo wa chisankho chimenechi. Chinatanthauza kuti mnyamata amene sanagonepo m'chitokosi agona m'menemo Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Usiku womwewo mlongo wanga anaimba akulira. "Achimwene, mwana wanga mwamusiya m'chitokosi chifukwa choumira ndalama?" Ndinalibe yankho lomutonthoza. Wina akapereka pa nthawi ngati imeneyi ine sindimuweruza, chifukwa ndikudziwa mmene mtima umathamangira.

Tinapita kupolisiko ndi mayi aja. Ndinatenga fotokope ya pasipoti yake, tsamba la chithunzi ndi tsamba la chidindo, tikiti ya basi, ndi kope langa lolembamo miyeso ya makasitomala, poti ndilo linali pafupi. Pa kauntala mayiwo sanakweze mawu. Anapereka moni, natchula dzina la mnyamatayo, nafunsa ngati lalembedwa m'buku la osungidwa m'chitokosi, nthawi imene analowa, ndi mlandu umene wamangidwira. Chilichonse chimene wapolisi ankayankha ine ndinkalemba, pamodzi ndi dzina lake lomwe linali pa yunifolomu komanso nthawi imene wotchi yapakhoma inkasonyeza. Pansi pa miyeso ya chiuno ndi mapewa a munthu wina panayamba kudzaza mayina ndi maola. Ndinaona ndi maso anga mmene nkhope ya wapolisiyo inasinthira ataona cholembera chikuyenda. Poyamba anati dzinalo kulibe. Tinakhala pa benchi osachoka. Patapita nthawi anatiitana, dzina lapezeka.

Apa ndi pamene ndinamva zinthu zimene ndinakhala zaka zonsezi ndisakuzidziwa bwino. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limakamba za munthu aliyense womangidwa, silisiyanitsa nzika ndi mlendo. Uyenera kuuzidwa chifukwa chimene wamangidwira m'chilankhulo chimene ukumva. Uli ndi ufulu wokhala chete, wolankhula ndi loya, wodziwitsa m'bale wako, ndiponso wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa Loweruka, Lamulungu kapena tsiku la tchuthi, umaonekera tsiku loyamba limene khoti latsegula, n'chifukwa chake kugwidwa Lachisanu kumawawa. Kumudzi nakonso lamulo la maola 48 lilipo, m'gawo 42 la malamulo athu. Wogwidwa amapatsidwa pepala lofotokoza maufulu akewa, komanso lisiti ya katundu amene amulanda polowa. Muuzeni m'bale wanu asasaine lisitiyo asanaone ngati foni, pasipoti ndi ndalama zonse zalembedwa. Mphwanga anasaina ali ndi mantha, ndipo ndalama ya mazipi ija sinalembedwepo. Sitinaionenso.

Pa nkhani ya mapepala, lamulo loona za olowa ndi otuluka, gawo 41, limalola wapolisi kapena ofisala wa imigireshoni kukufunsa chiphaso, ndipo akakayika angathe kukusunga pamene akutsimikiza. Kutsimikizako ndi kufunsa a Home Affairs, unduna woona za olowa ndi otuluka, si kuyang'ana chidindo ndi maso n'kugamula kuti n'chabodza. Lolemba m'mawa ofisala wa imigireshoni anaona mu kompyuta kuti mnyamatayo analowadi pa Beitbridge tsiku limene chidindo chikunena, ndipo anamutulutsa osafika n'kukhoti komwe. Anatuluka atagwira nthiti, mlomo wotupa, malaya ong'ambika paphewa. Anati atanena kuti ndalama ali nayoyo ndi ya amalume, anamuomba makofi ndi kumuponda ndi nsapato m'veni muja.

Ine mtima unali woti tizipita kunyumba, mwana wapezeka, zatha. Mayi aja anakana. Pali fomu yotchedwa J88, imene dokotala amalembapo mabala onse amene waona ndi kujambula pa chithunzi cha thupi pamene pavulala. Imeneyi ndiyo khoti limakhulupirira. Mabala amapola msanga, ndiye tinapita kuchipatala tsiku lomwelo, titamujambula kale zithunzi ndi foni. Malaya ong'ambika aja, ngakhale ndine telala, sindinawasoke. Ali m'jumbo mpaka lero.

Dandaulo la kumenyedwa ndi apolisi lili ndi kwawo. Kuli bungwe la boma lotchedwa IPID, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo linayamba ntchito mu 2012. Silili pansi pa mkulu wa apolisi. Limafufuza imfa za m'chitokosi, imfa zobwera ndi zochita za apolisi, kuombera mfuti, kugwiririra, kuzunza, kumenya komanso ziphuphu, ndipo limafufuza apolisi a boma ndi a mzinda omwe, monga a JMPD. Lili ndi ofesi m'chigawo chilichonse, ya Gauteng ili mu Johannesburg momwemuno. Lamulo lomwelo limakakamiza apolisi kuti akamva za nkhani zoterezi azidziwitsa bungweli nthawi yomweyo, ndi kulemba lipoti pasanathe maola 24, koma inu musadikire kuti amene mukuwadandaula akadzinenere okha. Pitani nokha. Mlandu ukatsegulidwa mumalandira nambala ya CAS, nthawi zambiri pa SMS. Nambala imeneyo ilembeni malo awiri, chifukwa popanda iyo kulikonse kumene mudzapite adzakufunsani kuti mukunena nkhani iti.

Wofufuza amene anatenga sitetimenti ya mphwanga anafunsa mafunso omwe aja: tsiku liti, nthawi yanji, msewu uti, galimoto nambala yanji, mayina. Mnyamatayo anali ataloweza nambala ya veni ndi dzina limodzi. Zina zonse zinachokera m'kope langa la miyeso.

Chinthu china chimene anthu ambiri amataya nacho mwayi ndi ichi. Kwathu timati mlandu suola, koma kuno mlandu wofuna chipukuta misozi kuchokera ku boma umaola. Lamulo la 2002 limati uyenera kulembera boma kalata yodziwitsa kuti ukufuna kulisumira pasanathe miyezi 6 chichitikireni nkhaniyo, ndipo zaka 3 zikadutsa osasuma nthawi zambiri mwayi watha. Mlandu wolanga wapolisi ndi wina, wofuna chipukuta misozi ndi winanso, uliwonse umayenda njira yake. Osauka tili ndi kothawira, mabungwe a maloya awa: Legal Aid South Africa, Lawyers for Human Rights amene ali ndi ofesi ku Braamfontein, Wits Law Clinic, ndi SERI. Ife kalata yathu loya anaitumiza nthawi isanathe.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima ya ambiri: nanga ine amene masiku anatha kalekale? Kunena zoona, kukhala m'dziko muno popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo ukalowa wekha papolisi kukadandaula ungathe kutsala komweko. Yambani mwaonana ndi maloya ndatchulawa, iwo ndiwo akuuzeni poyambira. Koma kusowa mapepala sikupatsa munthu aliyense chilolezo chokumenya kapena kukulanda. Mu 2017 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko, lija lili pa Constitution Hill ku Braamfontein, linagamula pa mlandu umene anabweretsa a Lawyers for Human Rights kuti munthu wosungidwa podikira kubwezedwa kwawo ayenera kuonekera yekha pamaso pa khoti pasanathe maola 48. Nyumba ya Malamulo inapatsidwa miyezi 24 kuti ikonze lamulolo, koma sinakonze. Mu 2023 khotilo linabwereranso ku nkhaniyi ndipo linalamula nduna ya Home Affairs ndi mlembi wamkulu wa undunawo kuti alipire gawo la ndalama za mlandu kuchokera m'matumba mwawo. Lamulo silikulolanso kusunga munthu podikira kumubweza kupitirira masiku 120. Ndipo mu November 2025 khoti lalikulu la Johannesburg linagamula kuti a Operation Dudula, gulu lolimbana ndi alendo, ngakhalenso munthu wamba aliyense, alibe mphamvu yofunsa anthu mapasipoti. Mphamvuyo ndi ya apolisi ndi a imigireshoni okha.

Samalaninso ndi mawu awiri amene amasokoneza anthu papolisi. Belo yeniyeni imakhala ndi lisiti ndipo ndalamayo imabwezedwa mlandu ukatha ngati sunajombe kukhoti. Ndalama yopanda lisiti si belo. Palinso chindapusa chovomera kulakwa, chimene ena amakuuza kuti ungolipira uzipita. Ukasaina chimenecho wavomera mlandu, ndipo dzina lako lingathe kulowa m'kaundula wa opalamula, zimene zidzakutsekereza tsiku lofuna pemiti.

Zitachitika izi ndinayamba kumva mosiyana nkhani zimene ndakhala ndikumvetsera pa wailesi ndikusoka. Kale ndinkati za makomishoni ndi makampani a boma ndi za eni dziko, ife alendo sizikutikhudza. Koma taonani Lindela yemweyo amene anaopsezera naye mphwanga. Malo aja ali ku Krugersdorp, ndipo kwa zaka zambiri ankayendetsedwa ndi kampani ya Bosasa, imene inkaphikiranso akaidi m'ndende za boma. Mu January 2019 Angelo Agrizzi, amene anali mmodzi mwa mabwana a kampaniyo, anaima pamaso pa komishoni ya Jaji Raymond Zondo, yofufuza za katangale m'boma, ku Parktown n'kufotokoza za ndalama zimene zinkalongedwa m'matumba kupita kwa akuluakulu a boma ndi andale, naonetsa ndi vidiyo ya chipinda chosungiramo ndalamazo. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti bungwe la boma lofufuza za katangale la SIU linali litamaliza kale kafukufuku wa Bosasa mu 2009, koma lipotilo linangokhala pafupifupi zaka khumi popanda womangidwa. Phungu amene ankatsogolera komiti ya Nyumba ya Malamulo yoyang'anira ndende, munthu amene ntchito yake inali kufunsa mafunso, nayenso anadzazengedwa mlandu wolandira za kampaniyo. Abale athu angati anadutsa ku Lindela m'zaka zimenezo?

Komishoni ya Zondo inayamba kumva umboni mu August 2018 ndipo lipoti lomaliza linaperekedwa mu June 2022. Inafukula za Eskom, kampani ya boma ya magetsi, kumene mu 2016 kampani ya Tegeta ya banja la Gupta inalipidwiratu R659 miliyoni pa nthawi imene inkagula mgodi wa malasha wa Optimum. Inafukula za Transnet ndi mitu ya sitima 1,064, za PRASA, za SAA, za Denel, onsewa makampani a boma. Inanenanso poyera kuti Nyumba ya Malamulo inalephera ntchito yake yoyang'anira boma, chifukwa aphungu a chipani cholamula ankateteza anzawo. Ife a ku Malawi izi sizachilendo. Tinaona Cashgate mu 2013, tikudziwa mbiri ya ADMARC ndi ESCOM, tinaona mkulu wa ACB Martha Chizuma akumangidwa m'bandakucha mu December 2022.

Kupolisi nakonso matendawa ndi akale. Jackie Selebi, amene anali mkulu wa apolisi onse m'dziko muno, anapezeka wolakwa pa mlandu wa katangale mu 2010 n'kugamulidwa zaka 15. Gulu la Scorpions limene linamufufuza linali litathetsedwa kale mu 2009. Mu 2016 khoti la pa Constitution Hill linagamula pa mlandu wa Robert McBride, amene anali mkulu wa IPID, kuti nduna ya apolisi singaimitse payokha mkulu wa IPID popanda Nyumba ya Malamulo, pozindikira kuti wofufuza apolisi sangakhale m'thumba mwa nduna yawo. Ndiye pa 6 July 2025 mkulu wa apolisi ku KwaZulu-Natal, Nhlanhla Mkhwanazi, anaitana atolankhani n'kunena kuti magulu a zigawenga alowerera apolisi ndi andale, natchula nduna Senzo Mchunu. Ndunayo inakana, koma Pulezidenti Cyril Ramaphosa anaipumitsa n'kukhazikitsa komishoni ya Jaji Mbuyiseli Madlanga, ndipo Nyumba ya Malamulo inapanganso komiti yakeyake yofufuza.

Anzanga ena pa shopu amati makomishoni ndi sewero lodya ndalama, ndipo ndimawamvetsa. Anthu amene anatchulidwa kwa Zondo ambiri akuyendabe mfulu. Babita Deokaran, mayi wa ku dipatimenti ya zaumoyo ya Gauteng amene anakayikira malipiro a pachipatala cha Tembisa, anaomberedwa pakhomo pake mu Johannesburg mu August 2021. Nyumba ya Usindiso ku Marshalltown itapsa pa 31 August 2023 anthu 76 anafa, Amalawi anzathu ali momwemo, ndipo komishoni ya Jaji Sisi Khampepe inapeza kuti mzinda wa Johannesburg ndi kampani yake yoyang'anira nyumba ankadziwa za kuopsa kwa nyumbayo koma sanachitepo kanthu. Kuulula kulipo, kulanga n'kumene kukuchedwa, ndipo zimandikwiyitsa.

Komabe sindigwirizana nawo akamati ndiye tingosiya. Chilichonse chimene chinatuluka m'makomishoni amenewa chinatuluka chifukwa wina anasunga lisiti, imelo, vidiyo kapena buku la ndalama. Zigamulo zimene zikuteteza mlendo lero zinachokera kwa anthu wamba, ena a iwo osauka kuposa ife, amene analola kuti mayina awo alembedwe pa mapepala a khoti. Anthu okhala m'nyumba zakale za m'tauni, amene apolisi ankawathyolera zitseko usiku popanda chikalata cha khoti, anasuma mothandizidwa ndi SERI, ndipo mu 2021 khoti linagamula kuti kusecha nyumba mwa njira imeneyo n'kuphwanya malamulo. Veni imene imazungulira ndi abale athu Lachisanu lililonse siidzaoneka mu lipoti lililonse la ku Nyumba ya Malamulo ngati tonse tizingotumiza ndalama n'kukhala chete. Kumudzi nakonso kuli bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, Independent Complaints Commission, limene lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa koma linayamba ntchito patapita zaka khumi, pambuyo pa zimene amayi a kwa Msundwe anakumana nazo mu 2019. Nalonso limadalira anthu ofika ndi tsiku, nthawi ndi dzina.

Mphwanga anabwerera ku Ntcheu masiku ake 30 asanathe, chifukwa loya anatichenjeza kuti akapitirira ngakhale pang'ono adzaletsedwa kulowanso, ndipo mboni imene singabwere kukhoti mlandu wake umafooka. Asananyamuke anasaina sitetimenti yolumbira, nasiya nambala yake ya kumudzi ndi yanga kwa wofufuza komanso kwa loya. Nkhaniyi ikadali m'manja mwawo, ndipo ndimaimba kufunsa pamene yafika, nambala ya CAS ili m'manja.

Ngati muli ndi m'bale amene wangofika kumene, chitani izi lero lomwe: jambulani tsamba la chithunzi la pasipoti yake ndi tsamba la chidindo, mutumizirane pa WhatsApp, fotokope ina musunge kunyumba pamodzi ndi tikiti ya basi. Aloweze pamtima nambala ya foni ya munthu mmodzi, poti foni ndiyo imayamba kulandidwa. Akagwidwa asalimbane, asathawe, asatukwane, angoyang'ana dzina pachifuwa ndi nambala ya galimoto. Pasipoti ikasowera m'manja mwa apolisi, dziwitsani ofesi ya kazembe wathu, ya ku Pretoria kapena ya kuno ku Johannesburg. Ndipo popita kupolisi musapite nokha, tengani munthu wa mapepala okwanira amene amalankhula Chingerezi kapena Chizulu modekha, mmodzi azifunsa, wina azilemba.